Musasiyire mapu a m'galimoto yamagetsi ulendo wonse: mmene ndimakonzera ulendo wautali kuno ku UK

Abale ambiri kuno ku UK ayamba kugula galimoto zamagetsi, makamaka zogwirapo kale ntchito, chifukwa mitengo yake yatsika ndipo kutchaja pakhomo usiku n'kotchipa kusiyana ndi kumwetsa petulo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Manchester, ndipo pa timaulendo ta khomo ili ndi khomo lija galimoto yamagetsi sindiipezera chifukwa. Nkhani imasintha tsiku limene mwaitanidwa ku chinkhoswe ku Leeds, ku maliro ku Glasgow, kapena kukachingamira mlendo ku Heathrow. Munthu amangolemba adiresi pa sikirini ya galimoto, n'kukhulupirira kuti mapu aja akonza zonse: poima, potchaja ndi nthawi yofika. Chonde achimwene ndi achemwali, ntchito yonseyo musawasiyire.

Chimene ndaona n'chakuti mapu a m'galimoto amalidziwa batire koma matchaja sawadziwa bwino, pamene foni imawadziwa matchaja koma batire silidziwa. Kuti ulendo uyende bwino, ziwirizi muzizigwiritsa ntchito limodzi, chilichonse pa chimene chimachita bwino, ndipo mawu omaliza azikhala anu.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mapu a m'galimoto amatsalira m'mbuyo. Matchaja kuno akumangidwa mwezi ndi mwezi, ena akuchotsedwa, ena akusintha eni ake. Chitsanzo ndi matchaja a m'malo opumira a pa motorway amene kale ankayendetsedwa ndi Ecotricity: mu 2021 anawatenga a Gridserve, n'kuyamba kuzula makina akale ndi kuika atsopano. Galimoto imene mapu ake ali pa kakhadi ka SD, ndipo sanasinthidwepo chitulukire ku fakitale, zimenezi siizidziwa. Ili ngati munthu amene anachoka kumudzi kalekale koma akukulozerani njira ya kuchigayo motsimikiza, osadziwa kuti chigayocho chinasamuka. Galimoto zatsopanopo zimalandira uthenga kudzera pa SIM ya mkati, komabe nthawi zambiri ntchito imeneyi imakhala yaulere kwa zaka zochepa zoyambirira, kenako amafuna muzilipira. Ife ogula kwa munthu wachiwiri kapena wachitatu timaipeza itatha kale, ndipo wogulitsa satiuza. Palinso za netiweki: a Nissan anasiya kulumikiza app yawo ndi galimoto za Leaf zopangidwa chisanafike chaka cha 2016 kuyambira mu August 2024, ponena kuti netiweki ya 2G ikupita kotsekedwa.

Ngakhale mapu atakhala atsopano, kachizindikiro ka tchaja kamene kali pa sikirini sikakuuzani zinthu zimene zingakugoneke panjira. Sikanena kuti makinawo akhala akufa kuyambira Lachiwiri. Nthawi zina sikasiyanitsa malo a tchaja imodzi ndi malo a matchaja 12. Sikanena kuti tchajayo ili pa hotela pamene amalola alendo awo okha, kapena pa sitolo pamene mukapitirira nthawi yoimika galimoto kalata ya chindapusa imakupezani kunyumba. Lamlungu lina madzulo mapu a galimoto yanga ananditsogolera mpaka pa geti la malo ena ogulitsira galimoto. Tchaja ndinkaiona ndithu, kanyali kake kobiriwira kakuwala kuseri kwa mpanda, koma geti linali ndi unyolo ndi loko, ndipo batire linali litatsika moti mtima unali m'mwamba. Kwa mapuwo, tchajayo inalipo ndipo inali yopanda munthu. Sananame, koma sanandithandize.

Tsono ntchito yoyamba muichitire pakhomo, ulendo usanaganiziridwe n'komwe. Dziwani mtundu wa pulagi ya galimoto yanu. Pafupifupi galimoto zonse zatsopano ku Ulaya zimatchaja mofulumira ndi pulagi ya CCS, koma Nissan Leaf zimene zadzaza pamsika wa galimoto zakale, zija zopangidwa ku Sunderland, zimagwiritsa ntchito CHAdeMO. Malo ambiri atsopano ali ndi zingwe za CCS zambirimbiri koma cha CHAdeMO chimodzi kapena ziwiri, mwinanso osakhalapo. Renault Zoe zakale zilibe n'komwe potchajira mofulumira pa DC, mtundu wa magetsi amene mapulagi awiriwa amapereka. CCS inayamba kupezeka pa Zoe mu 2019, ndipo si zonse zili nayo. Dziwaninso mphamvu imene galimoto yanu imatha kulandira, imene imayezedwa mu kW. Leaf zakale zambiri zimalekezera cha pa 50 kW, choncho kuyendera tchaja ya 350 kW mtunda wautali sikungakupindulitseni kanthu. Mukadziwa izi, lowani m'mapu a galimoto ndi kuwauza kuti azikuonetsani matchaja a pulagi yanu okha, a 50 kW kupita m'mwamba. Mukapanda kutero amasakaniza ndi a 7 kW a m'mbali mwa msewu, ndipo pa 7 kW kuti mulowetse 30 kWh (kWh ndi muyeso wa magetsi olowa m'batire) mukhala maola opitirira anayi.

Kenako pali nambala ija ya mamailosi otsala imene ili kutsogolo kwa chiwongolero. Anthu ambiri imawapusitsa, ndipo pano ndikhalitsapo. Galimoto imapeza nambalayi poyang'ana mmene mwakhala mukuyendetsera posachedwapa. Ngati sabata yonse mwakhala mukuzungulira m'tauni pa liwiro la mamailosi 20 kapena 30 pa ola, kuima ndi kunyamuka, galimoto imaganiza kuti mawanso zikhala chomwecho, ndipo imakupatsani nambala yaikulu yosangalatsa. Mukalowa pa motorway n'kufika pa 70, mphepo yolimbana ndi galimoto imakula mofulumira kuposa liwirolo, ndipo mamailosi aja amayamba kutha awiriawiri pa mailo imodzi imene mwayenda. Onjezani kuzizira kwa mu January, hita ikuyaka, msewu wonyowa, anthu anayi ndi zikwama. Onjezaninso zitunda. Wochoka ku Manchester kupita ku Leeds pa M62 amakwera mpaka mamita 372 pafupi ndi junction 22, malo okwera kwambiri pa ma motorway onse a ku England, ndipo kumeneko mphepo siichita masewera. Potsika batire limabwezeredwa mphamvu ina, koma osati yonse. Mapu a galimoto zina amawerengera zitunda ndi nyengo, ena amangojambula mzere wozungulira pa sikirini ngati kuti dziko lonse ndi chigwa.

N'chifukwa chake ine ndimayang'ana peresenti ya batire, osati mamailosi, ndipo masamu ndimapanga ndekha. Si ovuta. Galimoto zambiri zimaonetsa mamailosi amene zikuyenda pa kWh imodzi. M'tauni nyengo yotentha mukhoza kuona 4 kapena kuposa. Pa motorway nyengo yozizira ine ndimawerengera 3, ndipo kukakhala chisanu ndi mphepo ndimatsitsanso. Tinene kuti batire lanu lili ndi 60 kWh zogwiritsika ntchito. 60 kuchulukitsa ndi 3 ndi mamailosi 180, kuchokera pa 100 peresenti mpaka pa ziro. Koma pa ziro simufuna kufikapo. Mukasiya 15 peresenti yodzitetezera, mwatsala ndi 51 kWh, amene ndi mamailosi 153. Ndipo chigawo chachiwiri cha ulendo chimafupika kuposa choyamba, chifukwa panjira mudzatchaja mpaka 80 peresenti basi: kuchokera 80 kufika 15 ndi 39 kWh, mamailosi 117. Nambala imene inali pa chikalata chotsatsira galimotoyo, ya mayeso a mu labotale otchedwa WLTP, iiwaleni mukakhala pa motorway.

Ponena za 80 peresenti, mapu ena amakukonzerani kuima kamodzi kotalika, kutchaja mpaka 95 kapena 100. Batire likamadzaza limalandira magetsi pang'onopang'ono, moti kuchoka pa 80 kufika 100 kungatenge nthawi yofanana ndi imene munatenga kuchoka pa 20 kufika 80. Kuima kawiri mwachidule nthawi zambiri kumakufikitsani msanga, ndiponso simutsekereza anzanu amene ali pamzere.

Usiku woti mawa ndi ulendo, tengani foni. Ine ndimayamba ndi app ya A Better Routeplanner, imene ambiri amangoti ABRP. Mumaiuza mtundu wa galimoto, peresenti imene munyamuke nayo, imene mukufuna kufika nayo pa tchaja ndi kumene mukupita, ndipo imakupatsani njira ndi poima. Ngati galimoto ndi yakale, iuzeni kuti batire linafookako, apo ayi iwerengera ngati latsopano. Malo amene yasankhawo musawavomereze msanga. Atsegulenitu pa Zapmap, app yoonetsa matchaja a kuno ku UK, muone kuti pali makina angati, angati akugwira ntchito pakali pano, ndipo koposa zonse muwerenge zimene madalaivala ena alemba masiku apitawa. Safunsa anadya phula. Munthu akalemba dzulo kuti makina a kumanzere akukana khadi, kapena kuti Lachisanu madzulo pamakhala mzere, uthenga umenewo ndi wamtengo wapatali kuposa chilichonse chimene sikirini ya galimoto ingakuuzeni. Ine malo a tchaja imodzi kapena ziwiri sindiwaika pa ulendo wautali ngati pafupi pali malo a matchaja asanu ndi limodzi kapena kuposa, ngakhale atakhala odulirapo. Ndipo pa malo alionse amene ndasankha ndimakhala ndi ena apatsogolo pang'ono, amene ndingathe kufikako ndi batire lotsalalo.

Tiyeni tiyese ndi ulendo weniweni. Ambiri a ife timafuna kukaona Blantyre wa ku Scotland, kumene kunabadwira David Livingstone, kufupi ndi Glasgow. Kuchokera ku Manchester ndi mamailosi opitirira pang'ono 200: M61, kenako M6 mpaka malire, kenako A74(M) ndi M74. Panjira pali zitunda ziwiri zodya batire, cha Shap ku Cumbria, pamene M6 imakwera kupitirira mamita 300, ndi cha Beattock mutalowa kale mu Scotland. Ndi galimoto yathu ya 60 kWh ija, malo opumira a ku Gretna, pa malire a Scotland, ali pa mamailosi pafupifupi 130, choncho mufikapo ndi batire la cha m'ma 28 peresenti. Mukatchaja mpaka 80, mamailosi pafupifupi 80 otsalawo adya 45 peresenti, ndipo mufika ku Blantyre muli ndi yokwanira kuzungulira ndi kufunafuna potchaja modekha. Ngati pokwera Shap mwaona kuti batire likutsika kuposa mmene munawerengera, malo opumira a Tebay ndi Southwaite muwapeza musanafike ku Gretna, ndipo mukhoza kuima msanga.

Pa msewu womwewu pali msampha umene mapu a m'galimoto amagweramo kawirikawiri. Malo opumira ena ali mbali imodzi yokha ya motorway. Burton-in-Kendal ndi ya opita kumpoto okha, Killington Lake ndi ya obwerera kumwera okha. Mukafunsa mapu kuti akuonetseni tchaja yapafupi, ena amayeza mtunda molunjika ngati mmene imaulukira mbalame, n'kukuikirani pamwamba pa mndandanda tchaja ya tsidya lina la msewu, kapena imene mwaidutsa kale. Kuti mukafike mungafunike kupita ku junction yotsatira, kutembenuka, kenako kutembenukanso, ndipo kumpoto kuno ma junction ndi otalikirana. Musanadine, yang'anani ngati dzina la malowo lalembedwa northbound kapena southbound, ndiponso mtunda weniweni woyenda pamsewu.

Wina anena kuti, ngati zili choncho, bwanji osangozimitsa mapu a galimoto n'kumayendera Google Maps kapena Waze pa CarPlay kapena Android Auto, njira zoonetsera foni pa sikirini ya galimoto? M'tauni chitani zimenezo, inenso ndimatero. Koma pa ulendo wautali nyengo yozizira mutayapo chinthu chachikulu. Batire lozizira sililandira magetsi mofulumira. Galimoto zambiri zatsopano zimatha kulitenthetsa muli panjira kuti pofika pa tchaja likhale lokonzeka, koma zambiri mwa izo zimayamba kutero pokhapokha zikadziwa kuti mukupita ku tchaja, ndipo zimadziwa kudzera m'mapu ake omwe. Njira imene ili pa foni galimoto siimva. Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6, mwachitsanzo, amazitsatsa kuti zimachoka pa 10 kufika 80 peresenti m'mphindi 18 pa tchaja yamphamvu kwambiri, koma zimenezo ndi pamene batire lili lofunda. Mukafika nalo lozizira mudzaona 50 kapena 60 kW pa makina olembedwa 350, n'kuyamba kuganiza kuti makinawo ndi owonongeka.

Ndiye dongosolo lake ndi ili: tchaja isankheni pa foni, koma muilowetse m'mapu a galimoto. Polowetsapo samalani. Musalembe postcode yokha, chifukwa galimoto iziona ngati adiresi wamba. Ipezeni pa mndandanda wa matchaja wa m'mapuwo, n'kuidina pamenepo. Ngati malo amene mukufuna ndi atsopano ndipo mapu sakuwadziwa, sankhani tchaja ina yofulumira imene ili pafupi nawo kuti batire liyambe kutenthetsedwa, kenako mukayandikira mukhotere kumene mukufuna. Chitani izi kukadali mphindi 30 kapena kuposa, pakuti batire ndi chinthu cholemera makilogalamu mazana angapo ndipo silifunda msanga. Dziwaninso kuti galimoto zina zimakana kutenthetsa batire likatsika kwambiri, ndipo kutenthetsako kumadya maperesenti angapo, choncho muwawerengere. Galimoto zina zili ndi batani loti mudine nokha. Ngati yanu ili nalo, vuto lonseli mulibe. Fufuzani m'buku la galimoto, chifukwa pa zina ntchito imeneyi inabwera pambuyo pake ndi pulogalamu yatsopano, ndipo imafunika kuiyatsa kaye.

Chovuta china n'chakuti pa galimoto zambiri mukayambitsa njira pa CarPlay kapena Android Auto, njira ya m'mapu a galimoto imazima yokha. Ngati mukufuna zonse ziwiri, foni ikhale payokha pa choikira chake, kapena aigwire amene mwakhala naye kutsogolo. Inu oyendetsa musaigwire m'manja ngakhale muli pa mzere wa magalimoto. Chindapusa chake ndi £200 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo ngati laisensi yanu ya kuno sinakwanitse zaka ziwiri, mapointi 6 amenewo akulandani laisensiyo. Kwa ife amene ntchito yathu imadalira galimoto, imeneyo ndi nkhani ya chakudya cha ana.

Sikuti galimoto zonse zili ndi mapu ofooka. Tesla imakonza njira, kusankha Supercharger (matchaja ofulumira a Tesla), kuonetsa malo opanda munthu ndi kutenthetsa batire yokha, chifukwa galimoto, mapu ndi matchaja zonse n'za kampani imodzi. Polestar 2, Volvo zatsopano ndi Renault Megane E-Tech zili ndi Google Maps yomangidwira m'galimoto momwemo, imene imaona batire ndi kukuuzani peresenti imene mufike nayo. Zimenezi n'zabwino kwambiri, komabe ndemanga za madalaivala ndimaziwerengabe. Za Supercharger ndionjezepo: kuyambira mu May 2022 ena mwa malo amenewa ku UK anatsegulidwa kwa galimoto za makampani ena zokhala ndi CCS, ndipo kawirikawiri mtengo wake umakhala wotsikirapo, koma mapu a galimoto zambiri sawaonetsa. Si onse otseguka, choncho yang'anani pa app ya Tesla musanapiteko.

Muli panjira, ntchito yanu ndi imodzi: kuyerekeza. Ngati mapu akuonetsa peresenti imene mufike nayo pa tchaja, iyang'aneni pafupipafupi. Ikakhazikika, pitirirani. Ikamatsika, chitanipo kanthu msanga, osadikira kuti nyali yochenjeza iyake. Njira yamphamvu kuposa zonse ndi kuchepetsa liwiro. Kuchoka pa 70 kubwera pa 60 kumabweza mamailosi ambiri kuposa kuzimitsa wailesi ndi magetsi onse a mkati. Tsitsani hita pang'ono n'kuyatsa zotenthetsera mipando ngati zilipo, chifukwa zimadya magetsi ochepa. Koma galasi lakutsogolo lisachite nthunzi chifukwa choumira batire. Moyo wanu ndi wa ana amene ali kumbuyo suyenera kugulitsidwa ndi maperesenti awiri. Amene amakonda kutsata zinthu mwatsatanetsatane angagule kachipangizo ka OBD ka Bluetooth kolowetsa pansi pa chiwongolero, kamene kamatumiza peresenti yeniyeni ya batire ku ABRP, ndipo pamenepo foni imayamba kulidziwa batire.

Njira yolipirira yaphwekako. Malamulo a Public Charge Point Regulations a 2023 anafuna kuti pofika November 2024 matchaja ofulumira a 50 kW kupita m'mwamba azilandira khadi la ku banki longogunditsa, mtengo pa kWh uzioneka musanayambe, ndipo pakhale nambala yaulere yoimbira usana ndi usiku. Makina akakana, imbani nambala imeneyo musanachoke, chifukwa nthawi zambiri amatha kuwazimitsa ndi kuwayatsanso ali kutali. Mitengo mapu a m'galimoto ambiri saonetsa, kapena amaonetsa yakale, pamene kusiyana kwa kampani ndi kampani pa msewu umodzi kumakhala kwakukulu. Onetsetsaninso kuti mu akaunti muli ndalama zokwanira, popeza makina ambiri amayamba agwira kaye ndalama ina musanatchaje n'kudzaibweza pambuyo pake.

Kwa amene simunagule, mayeso a mapu muchitire pa malo ogulitsira pomwepo. Khalani pa mpando, lembani mzinda wakutali monga Glasgow kapena Plymouth, muone chimene ichite. Kodi ikuika yokha poima? Kodi ikunena peresenti yofika nayo? Kodi ikuonetsa kuti pa malowo pali makina angati ndipo angati ali otanganidwa? Kodi mungachotse tchaja imene yasankha n'kuikapo yanu? Funsani wogulitsa kuti mapu anasinthidwa liti, kulumikizana ndi intaneti kudzatha liti ndipo kupitiriza nako ndi ndalama zingati pachaka, komanso ngati mwini wake wakale anachotsa akaunti yake, pakuti akapanda kutero app ya galimotoyo ikhoza kukukanani. Funsaninso ngati batire limatenthetsedwa popita ku tchaja ndi mmene zimayambira. Wogulitsa akayankha mozungulira, muuzeni akuonetseni pa sikirini musanasaine pepala lililonse.